Funsani Azakhali: Kodi Gordon Ramsay akatiphikira yekha?

Okondedwa Azakhali,

Ndine namwino, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Mu Disembala muno ine ndi abambo akunyumba tikwanitsa zaka 25 tili m'banja, ndipo ana athu asonkherana kuti atitumize ku tchuthi. Tikafikira kwa mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg, kenaka tikapitirira ku Cape Town masiku ochepa. Ine ndimakonda mapulogalamu ophika a pa TV, makamaka a Gordon Ramsay, ndipo mtima wanga ukulakalaka kuti tsiku limodzi lokha ndikadye ku lesitilanti ya shefu wotchuka. Abambo akukana. Akuti ndalama ya chakudya cha usiku umodzi ingagule matumba a feteleza, komanso akuti tikatulukamo ndi njala poti kulibe nsima. Kodi tikapita tikamuona mwini wakeyo? Kodi chakudyacho n'chofanana ndi mtengo wake? Nanga timavala chiyani? Sindifuna kukachita manyazi kwa eni.

*Namwino wa ku Kapata*

Amayi,

Zaka 25 si masewera, ndipo ana amene amakumbukira makolo chotere ndi dalitso. Mulungu awasunge.

Mwini wakeyo simukamuona, ndikuuzirenitu kuti mtima usakakuwaweni muli patebulo. Ku Cape Town Gordon Ramsay anayesako mu 2009, pamene anatsegula lesitilanti yotchedwa Maze mu hotela ya One&Only ku V&A Waterfront, koma inatsekedwa mu 2010. Amene akufuna dzina lake kuchokera kuno kwathu nthawi zambiri amakalipeza ku Dubai, ku Bread Street Kitchen mu hotela ya Atlantis The Palm, kapena ku London. Koma ngakhale mutafika kumeneko, munthu amene dzina lake lili pa malesitilanti makumi ambiri m'mayiko osiyanasiyana, amenenso amakhala akujambulitsa mapulogalamu a pa TV, sangakhale pa mbaula iliyonse. Lesitilanti yake yaikulu ku Chelsea, London, inatsegulidwa mu 1998 ndipo ili ndi nyenyezi zitatu za Michelin kuyambira 2001. Nyenyezi zimenezi ndi ulemu waukulu kwa ophika. Zimaperekedwa ndi kampani ya matayala ya ku France ija, ndipo amapatsa lesitilanti imodzi payokha, sizitsatira shefu kulikonse komwe walemba dzina lake. Tsono amene anasunga nyenyezi zitatuzo tsiku ndi tsiku kuyambira 2007 anali mayi wa ku Northern Ireland, Clare Smyth. Anachoka mu 2016, nakatsegula yake yotchedwa Core chaka chotsatira, ndipo mu 2021 nayo inalandira nyenyezi zitatu. Zaka zonsezo anthu amati adya kwa Ramsay, koma dzanja linali la mayiyu ndi anyamata ake.

Sindikunena kuti ndi bodza kapena kuba ayi. Zili ngati mabasi athu a ku Lusaka: pambali pamalembedwa dzina la mwini wake, koma mukafika pa mapiri a Manenekera moyo wanu uli m'manja mwa dalaivala wa tsikulo.

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri m'khitchini ya loji ina ku Mfuwe, ndiye ndinaona ndi maso mmene zimenezi zimayendera. Nyengo ya alendo isanayambe kunkabwera shefu wodziwika kuchokera ku South Africa. Ankalemba menyu, kutiphunzitsa milungu ingapo, n'kusiya fayilo ya maphikidwe momwe chilichonse chinali choyezedwa pa sikelo, mchere ndi batala omwe. Pakhoma, pamwamba pa tebulo lotulutsira chakudya, ankamata zithunzi za mbale iliyonse: nyama ikhale apa, msuzi uthiridwe mbali iyi, katsamba kaikidwe pamwamba chotere. Akatero ankakwera ndege. Otsala pamoto tinali ife, ambiri anali abambo achikunda a m'midzi yozungulira. Panali mkulu wina amene ankayenda ndi masupuni aang'ono m'thumba la epuloni. Poto aliyense asanachoke pamoto ankalawa, n'kuponya supuniyo m'chitini cha madzi otentha, n'kutenga ina. Akatsinzina diso limodzi n'kukhala chete, tinkadziwa kuti msuziwo subwera patebulo, tiyambirenso. Tsiku limene mkuluyu wapita kumaliro kumudzi, fayilo inali yomweyo, zithunzi zomwezo, koma chakudya chinkasiyana. Alendo polemba m'buku la pakhomo ankatamanda shefu wa ku South Africa uja. Mpaka lero zimandikhudza, n'chifukwa chake ndikupemphani kuti kulikonse mukadye, chakudya chikakukomerani, mufunse weita kuti akuphika lero ndani, ndipo mumutumizire zikomo wotchula dzina lake. Mawu amenewo amafika kukhitchini, ndipo anthu amasangalala nawo mpaka poweruka.

Ndiye langizo langa ndi ili. Pitani, koma musathamangire dzina lalikulu lochokera kutali limene langobwereketsedwa ku hotela. Sankhani shefu wotchuka wa komweko, amene kwawo ndi komweko, amene malesitilanti ake ndi ochepa moti akhoza kuwayendera, amenenso amadziwa mlimi womugulitsa ndiwo ndi msodzi womubweretsera nsomba. Kumeneko ndalama yanu imagula chinthu chimene simungachipeze kwina.

South Africa ali nawo otere. Reuben Riffel, amene mwina munamuonapo akuweruza pa MasterChef South Africa, anakulira ku Franschhoek, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Cape Town. Anayamba ngati weita, ndipo mu 2004 anatsegula Reuben's m'tauni yakwawo yomweyo. Chakudya chake n'chodziwika, nyama ndi nyama, mbatata ndi mbatata, ndipo dera lake la mapiri ndi minda ya mphesa ndi lokongola kwa anthu okumbukira ukwati. Mumzinda wa Cape Town mwenimweni muli The Pot Luck Club ya Luke Dale-Roberts ku Old Biscuit Mill, Woodstock, komwe mumaitanitsa timbale tingapo n'kumadyera pamodzi, zimene kwa ife si zachilendo. Mukamva anthu akutchula The Test Kitchen ya shefu yemweyu pamalo omwewo, dziwani kuti inatsekedwa mu 2021. Malo oterewa amatsegulidwa ndi kutsekedwa msanga, choncho mwana wanu aone pa intaneti musanapange pulogalamu. Kulinso Wolfgat ya Kobus van der Merwe ku Paternoster, kamudzi ka asodzi m'mbali mwa nyanja, imene mu 2019 inasankhidwa ku Paris pa World Restaurant Awards kukhala lesitilanti ya chaka. Imalandira anthu pafupifupi 20 basi, ndipo amaphika zam'nyanja ndi zitsamba zothyola m'mphepete mwa nyanjayo. Ine ndimaulemekeza kwambiri mtima umenewo, wophika zomera pakhomo monga ife timachitira ndi bowa, chisoso ndi ndiwo zina zakutchire. Koma abambo a kwanuwo sindingawatumize kumeneko.

Mukanandisiyira kusankha, ndikanati Marble ku Rosebank, Johannesburg. Ndi ya David Higgs, inatsegulidwa mu 2016, ndipo mtima wake wonse ndi moto wa nkhuni: nyama, nsomba, ngakhale masamba zimadutsa pamoto, khitchini ili poyera mukuona malawi. Munthu wa Kum'mawa amene anakula akuotcha nyama pamakala sangaone zachilendo, koma akaona kusiyana kwa dzanja. Ubwino wina ndi wakuti mwana wanu ali komweko, akhoza kukusungitsirani malo, kukuperekezani, ngakhale kudya nanu. Ngakhale kumeneko sindikulonjeza kuti mwini wake akakhalapo tsikulo. Posungitsa malo funsani, amayankha bwinobwino.

Tsopano za njala. Abambo sakunama kwenikweni. Malo ambiri a mashefu otchuka amagulitsa tasting menu: simusankha nokha, amakubweretserani timbale tambiri motsatizana, kalikonse kongokwana kuluma kawiri kapena katatu, ndipo mumakhala patebulo maola atatu kapena kuposa. Pomaliza munthu amakhuta ndithu, koma si kukhuta kwa nsima kuja, ndipo mwamuna amene wabwera kale monyinyirika akaona kambale koyamba mtima umagwa, madzulo onse n'kuwonongeka. Pewani zimenezo. Pitani komwe aliyense amasankha mbale yake yaikulu, muitanitse ndi zapambali, mbatata kapena masamba, poti nthawi zambiri nyama imabwera yokha ndipo zapambalizo zili ndi mtengo wake. Muthanso kupita masana m'malo mwa usiku. Malo ena menyu ya masana imatsikirako mtengo, ndipo madzulo ake mwana wanu akhoza kuphika nsima kunyumba. Ufa musanyamule, m'sitolo iliyonse kumeneko ulimo.

Nyama akakufunsani kuti ipsye bwanji. Mashefu amakonda yofiirira m'kati, ife ambiri timafuna yopsa bwino. Nenani mosaopa, ndalama ndi yanu. Ngati abambo safuna kuona kufiira ngakhale pang'ono, ndi bwino asankhe nyama yophikidwa nthawi yaitali monga mchira wa ng'ombe kapena mwendo wa nkhosa kusiyana ndi kuumitsa steki yodula.

Za ndalama ndi pomwe ndikufuna tikhalitse pang'ono, chifukwa manyazi enieni m'malo amenewa sabwera ndi zovala, amabwera ndi bilu. Menyu ndi mitengo yake amaika pa intaneti. Khalani pansi ndi abambo kuno ku Kapata, foni m'manja, musankhiretu zimene mukadye, muwerengere mu randi, musinthe mu kwacha, abambo aone nambala ndi maso awo. Pamwamba pake muikepo tipu. Kuno tinazolowera service charge ya 10 peresenti yolembedwa kale pa bilu. Ku South Africa anthu awiri nthawi zambiri samakulemberani, mumaonjezera nokha 10 mpaka 15 peresenti, ndipo maweita amadalira imeneyo kuti adyetse ana awo. Musawamane. Muwerengerenso zakumwa, chifukwa ndi zimene zimatupitsa bilu: vinyo, khofi, ngakhale madzi. Weita akafunsa ngati mukufuna madzi wamba kapena a gasi, onsewo ndi a m'botolo ogulitsa. A pampopi mumachita kupempha. Ndipo mukaona zilembo SQ pamalo pa mtengo, makamaka pa nkhanu ndi zina zam'nyanja, ndiye kuti mtengo umasintha ndi tsiku. Funsani musanaitanitse. Safunsa anadya phula.

Disembala ndi nthawi imene Cape Town imadzaza ndi alendo, choncho malo asungitsidwe milungu ingapo isanafike, ena miyezi. Ambiri amagwiritsa ntchito Dineplan, tsamba losungitsira malo pa intaneti, ndipo ena amafuna dipoziti kapena nambala ya khadi; mukalephera kubwera osawadziwitsa nthawi yabwino, ndalamayo imapita. Muuzenso banki yanu kuti mukutuluka m'dziko, khadi lingakakanidwe muli patebulo.

Nkhawa ya abambo ya feteleza musaipeputse. Disembala ndi mwezi wa mvula, ndipo munthu amene maganizo ake ali kumunda sangamve kukoma kwa chakudya chilichonse. Feteleza ayambe wagulidwa, aikidwe m'nyumba, abambo amuone. Chakudyacho chichokere pa mphatso ya ana kapena pa chilimba chanu, osati pa ndalama ya munda, ndipo kaloba asayandikire n'komwe. Zikatero ndikuganiza kuti akavomera, chifukwa mkazi amene wagwira mashifiti a usiku m'chipatala zaka zonsezi ayenera tsiku limodzi kukhala pansi, wina n'kumukokera mpando, kumufunsa chimene akufuna, ndi kumutsukira mbale.

Zovala zisakuvuteni. Diresi lanu la chitenge losokedwa bwino ndi duku lake likaposa zambiri zimene mukaone kumeneko. Abambo avale thalauza lalitali, shati ya kolala ndi nsapato zotseka; tayi safunika m'malo ambiri. Patapata ndi jezi ya mpira zitsale kuhotela. Tengani kajuzi, Cape Town imaomba mphepo yamphamvu madzulo ngakhale m'chilimwe chawo. Mafoloko ndi mipeni zikachuluka, yambirani zakunja kulowa m'kati, ndipo chimene simukuchidziwa pa menyu funsani weita, ndiyo ntchito yake. Maweita ambiri ku Cape Town ndi ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, moti musadabwe wina akamva mukulankhula ndi abambo n'kukupatsani moni m'chinenero chathu.

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimagulitsa mafoni ndi zipangizo zake ku Katete. Mwezi wamawa ndikupita ku Dubai koyamba kukaoda katundu. Anzanga akuti ndikapanda kukadya kwa Salt Bae n'kuika chithunzi pa Facebook ndiye kuti sindinafike. Ndikufuna nyama yagolide ija. Mukuti bwanji?

*Wamalonda wa ku Katete*

Mwana wanga,

Ndikuyankha monga ndingayankhire wobala ndekha: pa ulendo uno usapiteko.

Munthuyo dzina lake ndi Nusret Gökçe, wa ku Turkey. Anayamba ali mnyamata m'mabutchala, ndipo nyama amaidziwa, zimenezo sindimulanda. Lesitilanti yake yoyamba ya Nusr-Et anatsegula ku Istanbul mu 2010, ya ku Dubai mu 2014, ndipo dziko lonse linamudziwa mu 2017 chifukwa cha kavidiyo kothira mchere kudzera pachigongono. Kuyambira pamenepo chimene anthu amalipira kwambiri ndi chionetsero. Golide amene amakuta nyamayo ndi kachipepala kopyapyala kwambiri, alibe kukoma, alibe fungo, ndipo thupi silimugaya, amangodutsa. Nyama yake ndi yomweyo imene ili pa menyu yopanda golide, koma mtengo umakwera kangapo. Mwini wakenso ali ndi malo m'mizinda yambiri, ndiye ukhoza kulipira zonsezo mchere n'kukuthirira mnyamata wina wolembedwa ntchito.

Dziwanso kuti m'malesitilanti a m'mahotela ku Dubai pamakhala VAT ya 5 peresenti, msonkho wa mzinda wa 7 peresenti ndi service charge ya 10 peresenti. Kwina zimakhala zili kale mu mtengo, kwina amaonjezera pa bilu. Timawu tating'ono pansi pa menyu ndi timene timanena. Dola imodzi ndi madirham 3.67, mtengo umenewu susintha, choncho kuwerengera n'kosavuta. Werengera, uone kuti mbale imodziyo ndi mafoni angati.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mpamba wako. Ndalama imene ukunyamulayo si ya tchuthi, ndi ya shopu, ndipo ikudikiridwa ndi msonkho wa kasitomu, ndi transipoti ya katundu kuchoka ku Lusaka kufika ku Katete, ndi lendi. Ndaona anyamata abwinobwino kuno Kum'mawa akubwerako ndi zithunzi zokongola ndi chikwama chosadzadza, ulendo wachiwiri osapitanso. Anzako amene akukukakamizawo sadzakusonkhera.

Ukamaliza kuoda ku Deira, kadye komwe anthu ogwira ntchito mumzindawo amadya. Ku Satwa kuli Ravi, lesitilanti ya chakudya cha ku Pakistan imene yakhalapo kuyambira 1978. Nyama yootcha, mpunga ndi buledi wotentha, pa mtengo umene sungakupweteke, ndipo alendo ochokera kutali amachita kuifunafuna. Bizinesi ikadzaima, phindu likadzakhala lako lenileni, udzapite kulikonse kumene ufuna, undilemberenso tidzasankhe pamodzi.

Azakhali,

Ife ndife a Sabata, timakhala pafupi ndi Mwami. Mwana wathu akufuna kutitengera ku malo odyera apamwamba tikakamuchezera kunja. Sitidya nkhumba, nkhanu ndi nsomba zopanda mamba, ndipo sitimwa mowa. Kodi angatilandire osatiseka?

*Agogo a ku Mwami*

Agogo,

Akakulandirani, ndipo khitchini yabwino imazolowera zopempha zotere tsiku lililonse. Chofunika ndi kunena msanga. Mwana wanu alembe zonsezi posungitsa malo, aimbenso foni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, makamaka ngati ndi tasting menu, chifukwa msuzi wina amayamba kuuphika dzulo lake ndipo sangausinthe muli kale patebulo.

Chenjerani ndi zobisika. Beef Wellington imene Gordon Ramsay amatchuka nayo imaoneka ngati ng'ombe yokha, koma m'kati nthawi zambiri amaikulunga ndi hamu ya nkhumba. Nsomba yotchuka ya ku malesitilanti a chakudya cha ku Japan otchedwa Nobu, black cod, amainyika mu miso (phala la soya) wosakaniza ndi sake ndi mirin, zomwe ndi vinyo wa mpunga. Msuzi wambiri wa nyama amathiramo vinyo, wa nsomba amauwiritsa ndi zikamba za nkhanu, ndipo zotsekemera zina zolimba ngati jele amazipanga ndi jelatini amene akhoza kukhala wa nkhumba. Mbale iliyonse ikafika, funsani weita kuti m'katimu muli chiyani. Akakayika, apite akafunse kukhitchini.

Malo olembedwa halaal, monga ambiri a ku Bo-Kaap ku Cape Town, sakhala ndi nkhumba ndipo ambiri sagulitsa mowa, koma nkhanu amaphika, ndiye kumenekonso munene. Zakumwa, pemphani madzi a zipatso kapena tiyi. Mumuuzenso mwana wanu asasungitse malo Lachisanu madzulo kapena Loweruka masana, poti masiku amenewo ndi amene achinyamata amathamangira kusankha.